Ganizo loipa likafika m'mutu, Mkhristu achite chiyani?

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tikambepo za nkhani imene maguwa athu amaitchula pafupifupi sabata iliyonse koma osaimasula bwinobwino. Ulaliki umanena mosabisa kuti chigololo, mkwiyo, kaduka ndi mangawa ndi machimo, ndipo palibe akutsutsa. Koma munthu akatuluka m'tchalitchi, atavula yunifolomu ya Mvano kapena jekete la ukulu wa mpingo, amatsala yekha ndi mutu wake, ndipo palibe amene wamuuza chochita Lachiwiri usiku ganizo lija likabweranso. Ena amangouzidwa kuti apemphere kwambiri. Ena amauzidwa kuti ali ndi chiwanda chofunika kutulutsa. Ife amene tikulemba ndife alangizi a m'mipingo yosiyanasiyana, ndipo dandaulo lathu ndi lakuti mankhwala amodzi akuperekedwa pa matenda osiyana. N'chifukwa chake ena akuchira pamene ena, ndi pemphero lomwelo, akungoipiraipira.

Tiyambe pamene ambiri amasokonezekera. Kufika kwa ganizo m'mutu si tchimo. Ahebri 4:15 amati Yesu anayesedwa m'zonse monga ife koma sanachimwe, ndipo kuyesedwa kumatanthauza kuti chinthucho chinafikadi m'maganizo mwake. M'chipululu muja, atakhala masiku 40 osadya, mawu oti asandutse miyala kukhala mkate anawamva, njalanso inali yeniyeni. Yakobo 1:14-15 akufanizira nkhaniyi ndi pathupi: chilakolako chimakopa munthu, kenako chimaima, kenako chimabala tchimo, ndipo tchimolo likakula limabala imfa. Mayi aliyense akudziwa kuti pakati pa kukopedwa ndi kubereka pamakhala nthawi. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, amene anamwalira mu 430, anaigawa nthawi imeneyo patatu: ganizo limafika, mtima umamva kukoma, munthu amavomera. Evagrius, mmonke amene anakhala m'chipululu cha Egypt mpaka imfa yake mu 399, anatchula maganizo 8 amene amavutitsa aliyense: dyera pa chakudya, chiwerewere, kukonda ndalama, chisoni, mkwiyo, kugwa mphwayi pa zauzimu, kufuna kutamandidwa, ndi kudzikuza. Mndandanda umenewu ndi umene pambuyo pake, Papa Gregory atausintha pang'ono, unasanduka machimo akuluakulu 7 amene Akatolika amaphunzira pa katekisimu. Chiphunzitso cha Evagrius chinali chakuti kubwera kapena kusabwera kwa maganizowa sikuli m'manja mwathu, koma kuwapatsa mpando kuti akhalitse, kumeneko ndiye kuli m'manja mwathu.

Zimenezi si nkhani ya m'kalasi chabe. Mnyamata amene anaphunzitsidwa kuti ganizo lenilenilo ndi chigololo kale amadziuza kuti popeza wachimwa kale, angomaliza. Chiphunzitso chimene chimaoneka chokhwima chimathera pomukankhira kuphompho msanga.

Nanga malire mungawadziwe bwanji? Dzifunseni ngati ganizolo mwaliitananso nokha litapita, ngati mwayamba kulikongoletsa ndi zithunzi ndi mawu amene poyamba panalibe, komanso ngati mwayamba kulikonzera njira, monga nthawi, malo, ndi bodza limene mudzanene kunyumba. Kuona mkazi wokongola padepoti si tchimo, maso sakhala ndi chitseko. Chimene Mateyu 5:28 akutchula ndi kuyang'ana n'cholinga chomukhumba, kucheuka kwachiwiri kuja kumene mwasankha nokha. Werengani 2 Samueli 11 mosathamanga muone masitepe ake. Davide anatsala ku Yerusalemu pa nyengo imene mafumu amapita kunkhondo. Madzulo anadzuka pakama n'kumayendayenda padenga. Anaona mkazi akusamba. Anatuma munthu kukafunsa kuti ndi ndani, ndipo anauzidwa kuti ndi mkazi wa Uriya. Anatumanso anthu kukamutenga. Pa sitepe iliyonse akanatha kubwerera, koma iliyonse inali yovuta kuposa ya m'mbuyo mwake. Yophweka kwambiri inali yoyamba ija, yosatsala pakhomo wopanda chochita.

Maganizo amene mtima umawakonda, monga chiwerewere, mowa ndi kubetcha, mankhwala ake ndi kuthawa. Baibulo silitiuza kuti tiime n'kumakambirana nawo. Yosefe anasiya malaya m'manja mwa mkazi wa Potifara n'kutuluka panja, ndipo 1 Akorinto 6:18 ikuti thawani. Chifukwa chake n'chakuti pa mtsutso umenewu woweruza ndi mtima womwewo umene ukufuna chinthucho, ndiye mlandu sungakukomereni. Koma kuti muthawe muyenera kudziwa pamene msampha umatcheredwa. Tengani kope, kwa masiku 14 muzilemba zinthu zinayi nthawi iliyonse chiyeso chikafika: nthawi yanji, munali kuti, munali ndi ndani, thupi linali bwanji (kutopa, njala, mowa, kusowa tulo, kapena mutangokangana ndi wina). Musalembe zimene munaganizazo, kopelo lingagwe m'manja mwa ana. Masiku 14 akatha, ambiri amadabwa kuona kuti chimene ankachiyesa chiwanda chobwera nthawi ina iliyonse chili ndi ndondomeko yake: pakati pa 10 koloko usiku ndi 1 koloko, ali pabedi, foni ili m'manja, bandulo yausiku itagulidwa. Kapena tsiku la malipiro, ndalama zikangolowa mufoni.

Foni ndi khoswe wa pamkhate, simungamuphe osaswa mkhatewo, poti ntchito, malonda ndi uthenga wa maliro zonse zimadzera momwemo. Chotheka ndi kuiikira malire ooneka ndi maso. Izitchajidwa pabalaza kuyambira 9 koloko usiku, kuchipinda kusalowe. Gulu la WhatsApp limene limatumizirana zolaula tulukanimo lero, popanda kutsanzika. Ngati pali munthu amene mameseji ake mumawafufuta kuti akunyumba asaone, kufufutako ndi umboni wokwanira. Mutsekeni, nambala muichotse, ndipo musalembe uthenga wautali wofotokoza chifukwa chake, chifukwa uthenga wotsanzika umayankhidwa ndipo macheza amayambiranso. Mawu akuti tizingochezerana ngati mlongo ndi mlongo wake agwetsa mabanja ambiri. Wobetcha pa masewera a kandege achotse pulogalamuyo mufoni, ndipo ndalama za mwezi zisagone mufonimo: za lendi, za fizi ndi za chakudya zituluke tsiku lomwelo, zotsala zipite kwa mkazi wake kapena ku banki m'khonde. Ganizo loti ndibweze zimene ndaluza ndi limene limatengera munthu kwa a katapila, ndipo likamafika pasakhale ndalama pafupi. Amene mabanja awo analekana chifukwa cha ntchito, bambo ku Johannesburg mayi kumudzi, asadzinamize kuti chikhulupiriro chokha chikwanira. Paulo pa 1 Akorinto 7:5 anachenjeza okwatirana kuti asatalikirane nthawi yaitali. Akhazikitse tsiku ndi ola loimbirana foni, ndipo tsiku lobwera kunyumba lidziwike, lisamangokhala loti ndalama zikapezeka.

Chilakolako chikafika pachimake chimanamiza munthu kuti chizingokwera mpaka atagonja. Sichitero. Chili ngati mkaka pamoto, umafufuma, koma mukauphula umatsika. Mukapanda kuchisonkhezera, nthawi zambiri mkati mwa theka la ola chimakhala chitazirala. Ntchito yanu pa theka la ola limenelo ndi yophweka: dzukani pamene muli, pitani pamene pali anthu kapena kuwala, gwirani ntchito ya manja, nenani pemphero lalifupi la mawu osapitirira khumi. Pemphero lalitali lofotokozera Mulungu chithunzi chonse cha chiyesocho limangochijambulanso m'mutu. Komanso musasiye malo opanda kanthu. Pa Mateyu 12:43-45 mzimu woipa unabwerera chifukwa unapeza nyumba yosesedwa bwino koma yopanda wokhalamo. Aefeso 4:28 sakungouza wakuba kuti aleke kuba, akumuuza kuti agwire ntchito ndi manja ake kuti akhale ndi chopatsa osowa. Amene wasiya kumowa Loweruka masana ayenera kudziwa kumene adzakhale Loweruka likubwerali pa 2 koloko, ndi amene adzakhale naye.

Tinenepo pang'ono za kusala kudya, poti ambiri amathamangira kumeneko. Kusala kuli ndi malo ake, koma Akolose 2:23 akunena poyera kuti kuzunza thupi pakokha sikuletsa zilakolako. Munthu wanjala ndi wosagona amapsa mtima msanga ndipo amagonja msanga. Timaona anthu akutsika kuphiri atasala masiku atatu, n'kugwa sabata yomweyo, chifukwa foni ija, nambala ija ndi njira ija anazipeza zili momwe anazisiyira. Amayi oyembekezera, odwala shuga ndi amene akumwa ma ARV asasiye chakudya kapena mankhwala chifukwa mlaliki wanena. Za maloto nazonso tisaopseze nazo anthu. Munthu ali m'tulo savomera kanthu, ndipo mtsikana amene walota zachilendo safunika kumuuza kuti ali ndi mwamuna wauzimu n'kumulipiritsa ndalama kuti amasulidwe.

Mkwiyo ndi wina. Uwu suthawidwa, chifukwa kawirikawiri pansi pake pamakhala mlandu weniweni: ngongole yosabwezedwa, malire a munda osunthidwa, mawu achipongwe onenedwa pamaso pa ana. Marko 3:5 akuti Yesu anawayang'ana mokwiya anthu ouma mitima m'sunagoge, ndipo Aefeso 4:26 amalola kukwiya koma amaletsa kuchimwa ndi kugona nawo mkwiyowo. Akhristu athu amalakwa mbali ziwiri. Ena amaphulika. Ena, makamaka amene amaoneka ofatsa, amameza n'kunena kuti ndazisiya m'manja mwa Mulungu, koma moni anasiya kupereka, kumaliro a banja lija sapita, ndipo pa Mgonero amakhala benchi lina. Kumeneko si kukhululuka, ndi kusunga chakukhosi chovekedwa mawu a m'Baibulo.

Mkwiyo umayamba m'thupi mawu asanatuluke. Mtima umagunda msanga, nkhope imatentha, nsagwada zimalimba, mawu amakwera. Zizindikirozi zikafika, nzeru zolankhulira bwino zachoka kale, ndipo chilichonse chimene munganene chidzafuna kupepesa. Nenani chiganizo chimodzi chokha, chakuti mwakwiya, mukutuluka pang'ono, mukambirana mukatha kudya madzulo. Kutchula nthawi yobwerera n'kofunika, apo ayi mnzanuyo amaona ngati mwamunyoza ndipo amakutsatirani mpaka panja. Khalani kunja mphindi 20 kapena 30. Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: amatuluka ndithu, koma njira yonse akubwereza mlanduwo m'mutu ndi kukonza mayankho obaya, ndiye amabwerera atapsa kuposa poyamba. Yendani mwachangu, wazani nkhuni, thirirani dimba, werengani Salmo mokweza. Kumowa ayi, ndipo foni musaigwire, chifukwa mawu olembedwa pa WhatsApp kapena pa Facebook mutakwiya ena amawajambula, ndipo madzi akatayika saoleka.

Mukabwerera, pasanathe tsiku, kambani nkhani imodzi. Tchulani chimene chachitika, osati mtundu wa munthuyo. Kunena kuti ndalama ya feteleza mwagwiritsa ntchito osandiuza ndipo zandipweteka, kumatsegula khomo. Kunena kuti ndinu wakuba ngati abale anu, kumabweretsa mlandu wachiwiri woposa woyamba. Mawu akuti nthawi zonse ndi akuti simunayambe mwachitapo asiyeni, chifukwa mnzanuyo amangofufuza tsiku limodzi limene anachita bwino, nkhani yeniyeni n'kutayika. Mateyu 18:15-16 akupereka dongosolo lake: poyamba awiriwiri, zikakanika mutenge mmodzi kapena awiri. Kwathu kuno awiriwo ndi ankhoswe kapena akulu a mpingo, osati gulu lonse la kwaya.

Kukhululuka kumasokonezedwanso ndi zinthu zina. Kukhululuka ndi kusiya kubwezera ndi kusiya kumufunira munthu zoipa. Sikutanthauza kuti ngongole yafafanizika, kapena kuti msungichuma amene anadya ndalama za mpingo abwezeredwe kiyi sabata yomweyo. Sikutanthauzanso kuti mayi womenyedwa azingopirira. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo mayi wopita kumeneko sanachimwire Mulungu. Mkulu wa mpingo amene amamubweza kunyumba ndi vesi yokha akusenza nawo mlandu wa chimene chidzachitike. Ndipo mukakhululuka, musadabwe kuti chikumbukiro chikubwerabe ndi ululu wake mukamuona munthuyo kumsika. Si umboni woti simunakhululuke. Bwerezani chisankho chija, mumupempherere pomutchula dzina ndi kumupemphera chinthu chabwino chenicheni, monga thanzi la ana ake kapena zokolola, tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu. Masiku oyamba pakamwa pamalemera. Ngati ululu ndi waukulu, Salmo 55 ndi pemphero la munthu amene anaperekedwa ndi bwenzi lake lenileni, limene ankapita nalo limodzi kunyumba ya Mulungu. Mulungu analola mawu otere kukhala m'Buku lake kuti tikhale ndi kolirira.

Kaduka ndi kovuta kukagwira chifukwa palibe amene amakavomera. Kamabwera katavala nkhawa yauzimu. Mnansi wakhoma malata, mwana wake wasankhidwa kupita ku yunivesite, wina wabwera ndi galimoto kuchokera ku Joni, ndipo m'mutu mumabwera mawu akuti ameneyu wakhwimira, ndalama zake si zabwino. Asafu pa Salmo 73 anaulula kuti mapazi ake anatsala pang'ono kuterereka poona ena zikuwayendera, ndipo Ahabu, mfumu yokhala ndi minda yambiri, anagona pakama n'kukana kudya chifukwa cha munda umodzi wa Naboti. Chizindikiro cha kaduka ndi kakukondwa kamene mumamva mukamva kuti munthuyo zamuvuta. Mankhwala ake ndi a miyendo ndi pakamwa: pitani mukamuyamikire pasanathe masiku atatu, ndipo iye kulibe munenepo chabwino chimodzi choona za iye. Mtima umatsatira pambuyo. Ngati zithunzi za anzanu pafoni zimakusiyani ndi mtima wowawa usiku uliwonse, lekani kuziona. Pafupi ndi kaduka pali ganizo lina limene lapha anthu m'midzi mwathu, loganizira nkhalamba kuti ndiyo yalodza mwana amene wamwalira. Limayamba ndi chisoni chofuna womuloza chala, limakula pokambidwa pamaliro, limathera pa miyala. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo lamulo la Mulungu limaletsa umboni wonama. Ganizo lotere likafika, lisatuluke pakamwa ngakhale kwa m'bale wanu, ndipo mlaliki amene amalilimbikitsa ndi ulosi mumutalikire.

Pali zida ziwiri zimene zimathandiza pa zonsezi. Choyamba n'cha Ignatius wa ku Loyola, wansembe wachikatolika wa ku Spain, amene anamwalira mu 1556. Iye ankaphunzitsa kulimbana ndi tchimo limodzi pa nthawi imodzi. Podzuka m'mawa mumatsimikiza kupewa chinthu chimodzicho. Mukatha kudya masana mumabwerera m'mbuyo ola ndi ola n'kuika kadontho pamzere pa nthawi iliyonse imene mwagwa, mukatha kudya madzulo mumachitanso chimodzimodzi pamzere wachiwiri, kenako mumayerekeza lero ndi dzulo, sabata ino ndi yatha. Zimatenga mphindi zisanu. Ubwino wake ndi wakuti munthu amene anali ndi madontho 12 n'kufika pa 4 amaona ndi maso kuti chisomo chikugwira ntchito, pamene popanda kope akanangodziona ngati wolephera. Amene amayamba ndi machimo asanu nthawi imodzi amatopa sabata isanathe.

Chachiwiri ndi munthu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Yakobo 5:16 akuti tiululirane machimo ndi kupemphererana. John Wesley, mlaliki wa ku England, mu 1738 analemba malamulo a timagulu ting'onoting'ono tokumana sabata iliyonse, amuna paokha akazi paokha, ndipo aliyense ankafunsidwa machimo amene wachita chikumanirane, mayesero amene wakumana nawo, mmene wapulumukira, ndi zimene akukayika ngati ndi tchimo kapena ayi. Funso lachitatulo timaliiwala, chonsecho ndi limene limaphunzitsa. Akatolika ali ndi sakramenti la kulapa, ndipo wansembe saloledwa kuulula zimene wamva ngakhale zitavuta bwanji. Enafe tiyenera kusankha mosamala: munthu mmodzi, mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi, wokhwima, amene simunamumvepo akukamba za ena. Muzikumana tsiku lodziwika, osati pokhapokha mutagwa, ndipo mumupatse ufulu wokufunsani mosapita m'mbali. Zolakwika zake n'zodziwika. Musapite kwa munthu amene mukumukhumba kukamuuza kuti mwakhala mukulimbana ndi maganizo a iye, chifukwa kumeneko ndi kufunsira kovala zovala za kulapa. Musaulule pagulu pa nthawi ya maumboni zinthu zokhudza mkazi kapena mwamuna wa wina. Ndipo inu atsogoleri, chinsinsi cha munthu chikangotuluka kamodzi m'dzina la tiyeni timupempherere, dziwani kuti mpingo wonse watseka pakamwa kwa zaka. Kunja kwa sakramenti lija, chinsinsi chimene sichisungidwa ndi chimodzi: pamene mwana akuchitidwa nkhanza kapena moyo wa munthu uli pangozi.

Mukagwa, lapani tsiku lomwelo, tchimolo mulitchule dzina lake, ndipo 1 Yohane 1:9 muikhulupirire monga yalembedwera. Ngati pali chobweza bwezani, monga Zakeyu. Kenako tengani kope lija mufufuze sitepe yoyamba imene munaponda, chifukwa kugwa kwa usiku kunayamba masana. Musajombe kutchalitchi podikira kuti muyambe mwayera, ndipo malumbiro akuti sindidzachitanso mpaka imfa asiyeni, amangowonjezera tchimo la kuswa lumbiro. Pa 2 Akorinto 7:10 pali chisoni cha mitundu iwiri. Chochokera kwa Mulungu chimaloza chinthu chimodzi ndi njira yokonzera. Chinacho chimangoti ndiwe wachabechabe, Mulungu watopa nawe, ndipo sichisonyeza khomo lililonse.

Tsopano tifike pa anthu amene zonse tanenazi zingawapweteke akazitsatira. Pali maganizo amene munthu sawakonda n'komwe, amamunyansa ndi kumuopsa: mawu otukwana Mulungu obwera pakati pa pemphero, chithunzi chonyansa pa nthawi ya Mgonero, mayi wa khanda kuganiza mwadzidzidzi kuti bwanji nditamugwetsa mwanayu. Pafupifupi munthu aliyense amafikiridwa ndi zoterezi nthawi zina, ndipo ambiri amangozinyalanyaza. Amene amavutika nazo kwambiri ndi a chikumbumtima chofewa, chifukwa amachita mantha n'kuyamba kulondera mutu wawo. Mu 1987 katswiri wa za maganizo wa ku America, Daniel Wegner, anauza ophunzira kuti kwa mphindi zisanu asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo aziliza belu chikabwera m'mutu. Belu linkalira, ndipo ataloledwa kuchiganizira, chinkabwera kwambiri kuposa kwa anzawo amene sanaletsedwe poyamba. Kuti mutu utsimikize kuti sukuganiza chinthu, umayenera kuchikumbuka. John Bunyan, mlaliki wa ku England wa zaka za m'ma 1600, anazunzika nthawi yaitali ndi mawu obwerezabwereza m'mutu omuuza kuti agulitse Khristu, mpaka anakhulupirira kuti wachita tchimo losakhululukidwa. Tchimo limenelo pa Marko 3:28-30 linanenedwa kwa alembi amene ankaona ntchito za Yesu ndi maso n'kunena dala kuti ndi za mzimu woipa. Munthu amene akulira poopa kuti walichita akuonetsa mtima wosiyana ndi wawo.

Kwa anthu awa mankhwala ndi otembenuza. Asatsutsane nalo ganizolo, asalidzudzule mofuula, asayambirenso pemphero kuti likhale loyera, asaulule chinthu chomwecho kachiwiri ndi kachitatu, ndipo kope la madontho lija asaligwire. Angozindikira kuti labweranso, ngati galu wouwa kuseri kwa mpanda, n'kupitiriza pemphero pamene analekezera, kapena kupitiriza kumusambitsa mwana. Masiku oyamba mantha amakwera, kenako amatsika, ndipo ganizolo likasowa woliopa limabwera mwa apo ndi apo. Kumuika munthu wotere pakati pa bwalo, anthu n'kumafuula kuti tuluka, kumamutsimikizira chimene ankaopa, ndipo mawa lake amadzuka ali woipirapo. Ngati maganizowa ndi miyambo yowathamangitsira zikudya ola lathunthu kapena kuposa tsiku lililonse, amenewo ndi matenda odziwika kuchipatala ndipo ali ndi chithandizo.

Chimodzimodzi chisoni chosatha. Eliya, atangopambana pa phiri la Karimeli, anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Pa 1 Mafumu 19 mngelo sanamudzudzule. Anamupatsa mkate ndi madzi, anamusiya agone, anamudyetsanso kachiwiri, zokambirana zinabwera pambuyo. Munthu amene kwa masabata awiri kapena kuposa sakugona bwino, sakufuna chakudya, zimene ankakonda sizikumukomeranso, ndipo akudziona ngati katundu kwa abale ake, si wosowa chikhulupiriro, akudwala. Amene akumva mawu amene ena sakuwamva, kapena mayi amene wasokonezeka masiku ochepa atabereka, afunika chipatala tsiku lomwelo, osati chingwe ndi mapemphero a usiku wonse. Yambirani pachipatala cha boma lanu, ndipo kuli Zomba Mental Hospital komanso St John of God ku Mzuzu. Pemphero lipitirire, mankhwala asasiyidwe.

Abambo ambiri amene ali m'ngongole sanena kuti ndikufuna kudzipha, amangoti ndatopa, kapena muwasamale anawa. Mkulu wa mpingo kapena mayi wa Chigwirizano akamva mawu otere afunse mosazungulira ngati munthuyo akuganiza zochotsa moyo wake. Kufunsako sikumupatsa ganizolo, kumamupatsa mpata wolankhula. Akavomera, musamulalikire za gehena. Asagone yekha usiku umenewo, mankhwala a mbewu ndi ophera makoswe achotsedwe m'nyumba akasungidwe kwa mnansi, m'bale mmodzi wodalirika adziwitsidwe, ndipo m'mawa mwake mumuperekeze nokha kuchipatala, ya thiransipoti ichoke m'thumba la mpingo.

Ife,
Alangizi a mabanja ndi achinyamata m'mipingo,
Lilongwe